Zofunika kudziwa polemba nthano ya kavalo kum'mawa kwa Zambia

Wolemba buku la nthano amene afuna kuikamo kavalo m'mudzi wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi ali ndi funso loyamba kuliyankha: kavaloyo wafika bwanji kumeneko? M'maboma amenewa alimi amalima ndi ng'ombe, ena amakoka ngolo ndi abulu, koma kavalo saoneka wamba. Ngakhale dzina lakelo ndi lobwereka, pakuti licokera ku liu la Cipwitikizi lakuti cavalo.

Cifukwa cacikulu ca kusowa kwa akavalo ndi matenda. Nchenche ya kashembe, imene ipezeka m'cigwa ca Luangwa ndi m'madera ena a cigawo ca kum'mawa, imafalitsa tizirombo tolowa m'magazi a ziweto. Dokotala David Bruce ndiye anaonetsa zimenezi mu 1895 pamene anali kufufuza ku Zululand. Kavalo wolumidwa amatentha thupi, amaonda, ndipo akapanda kulandira mankhwala amafa msanga.

Palinso nthenda ina yochedwa African horse sickness, yofalitsidwa ndi tizirombo ting'onoting'ono touluka ngati udzudzu, timene timaluma madzulo ndi mbandakuca. Nthendayi ingaphe akavalo 9 mwa 10 alionse osalandira katemera, pamene abulu ambiri amapirira. Motero wolemba amene angaike gulu la asilikali okwera akavalo pakati pa Angoni a Mpezeni angasokoneze mbiri, popeza ankhondo a Nsingo anamenyana ndi asilikali a Britain mu 1898 ali pansi, ndi mikondo ndi zishango.

Alembi ochuka a mabuku a akavalo anayamba ndi kuphunzira. Anna Sewell, amene buku lake la Black Beauty linatuluka mu 1877, anavulala miyendo ali mtsikana ndipo anadalira ngolo ya kavalo kwa zaka zambiri. Michael Morpurgo, asanalembe War Horse mu 1982, anaceza ndi okalamba a m'mudzi wa Iddesleigh ku England amene anakumbukira nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Wolemba wa kuno angayambire pafupi, pa khola la mlimi wodziwa kuphunzitsa ng'ombe. Mlimi wotere amayamba ndi kuzoloweretsa nyama cingwe ndi mau ake, kenaka goli, kenaka cipika copepuka, ndipo pulawo imabwera pomaliza. Kavalo nayenso amaphunzira pang'onopang'ono. Coyamba amazolowera kugwidwa ndi kutsogozedwa, kenaka kacitsulo ka m'kamwa, kenaka cokhalira ca pamsana, ndipo munthu amakwerapo pamene mafupa akhwima, kawirikawiri pa zaka zitatu kapena zinai.

Koma kavalo si ng'ombe, ndipo apa ndi pamene alembi ambiri amaterereka. Kavalo sabzikula ndipo sasanza, cotero cakudya colakwika cimamudwalitsa m'mimba moti angafe. Amatha kugona ali ciimire. Bere lake limatenga miyezi 11, pamene la ng'ombe ndi miyezi 9. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, ndiye cifukwa cake munthu womudzidzimutsa kumbuyo amaponderezedwa ndi zibakera za ziboda. Kavalo ndi bulu amakoka ndi cifuwa ndi mapewa, ndipo goli la ng'ombe limawacititsa zilonda pakhosi.

Zina zimafuna ulendo wa ku Lusaka. Kumeneko kuli apolisi okwera akavalo, makalabu a masewera a polo, ndiponso sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia. Wolemba ayenera kuona ndi maso ake, kumva fungo la khola, ndi kufunsa osamalira akavalo za nchito yao ya m'mawa ndi madzulo. Ofesala wa ziweto wa m'boma lake angamufotokozere za kashembe ndi mankhwala ake.

Kulimbikira kotere kuli ndi phindu, cifukwa mabuku a Cinyanja amawerengedwa m'masukulu, ndipo ana ambiri a kumudzi amadziwira kavalo m'buku asanamuone. Cimene wolemba walakwitsa, mwana amaciloweza ngati coona. Komanso mlimi woziwa ziweto akapeza bodza limodzi pa tsamba, sakhulupiriranso nthano yonseyo.