Kalata ikati "pitani ku Chipoka", muyankha chiyani?

Chaka chilichonse pamakhala aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi apolisi amene amalandira kalata yowasamutsira kudera lomwe sanalipondepo. Palinso mabanja a mu Lilongwe amene lendi ndi mtengo wa ufa zawafika pakhosi, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ayamba kuganiza zokayamba moyo watsopano m'timatauni ta m'mbali mwa nyanja. Onsewa funso lawo ndi limodzi: ndipite kapena ndikane?

Funsoli si lamasewera. Yankho lake limakhudza banja, thanzi la ana, thumba la munthu ngakhalenso tsogolo la ophunzira amene akudikira mphunzitsi wa masamu. Tiyeni tiliunike potengera chitsanzo cha Chipoka, kamtauni ka m'boma la Salima komwe kali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Salima boma, m'mbali mwa msewu wa M5.

Chipoka ili ndi mbiri yake. Njanji yochokera kummwera inafika ku Salima mu 1935 kudzera pamalowa, ndipo ili ndi doko lokhalo pa nyanja ya Malawi pomwe njanji imakumana ndi madzi. Katundu ankatsitsidwa m'sitima ya pamtunda n'kukwezedwa m'sitima ya pamadzi ulendo wa kumpoto. Masiku amenewo anthu ankabwera kudzafuna ntchito. Lero dokoli lili zii poyerekeza ndi kale, ndipo nkhani zoti lidzadzukanso zimamveka kawirikawiri. Phunziro loyamba lili pomwepa: musasamuke chifukwa cha malonjezo. Pitani chifukwa cha zimene zilipo lero. Zamawazo zikadzabwera, zidzakhala basera.

Nkhani ya ndalama ndiyo imakopa ambiri. N'zoona kuti nyumba ya lendi kunyanja ndi yotsika mtengo kuposa ku Area 25 kapena ku Chinsapo. Usipa ndi utaka mumagula asodzi akungotsika m'bwato, mpunga umalimidwa m'boma momwemo ngati ku Lifuwu, ndipo mango akapsa amachita kuwolera pansi. Koma chilichonse chobwera pagalimoto chimakwera mtengo: mafuta ophikira, sopo, simenti, malata. Mabanki ali kuboma. Airtel Money ndi Mpamba zachepetsa maulendo, komabe pali zinthu monga ngongole, khadi yotayika kapena nkhani ya malipiro zimene zimafuna munthu aonekere yekha, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama. Ofesi yaikulu ikakufunani ku Lilongwe, onjezerani makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14 kuchokera ku Salima boma.

Chimene chimadya malipiro kwambiri ndi kuyendetsa makomo awiri. Bambo ali ku Chipoka, mayi ndi ana atsala mumzinda chifukwa cha geni kapena sukulu: lendi kawiri, ndiwo kawiri, thiransipoti ya mwezi ndi mwezi. Kuchipa konse kuja kumathera panjira, ndipo mabanja ena amagwedezeka chifukwa cha kutalikirana. Nkhaniyi muikambirane awirinu musanayankhe kalata. Ngati amayi amagulitsa kaunjika kapena abambo ndi telala, funsani ngati makasitomala alipo kumene mukupitako.

Kenako pali thanzi. Kunyanja kumatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo udzudzu susowa. Malungo ndi mlendo wa pakhomo, kotero masikito si chinthu chokambirana. Likodzo limagwira anthu osamba ndi kuchapa m'madzi odikha momwe muli nkhono, ndipo mwana wakutauni akaona nyanja sabwezeka. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Musanalipire nyumba, onani kumene mudzatunge madzi akumwa ndiponso mmene chimbudzi chilili, chifukwa pamchenga zimbudzi sizichedwa kugumuka. Chipatala chaching'ono chimathandiza matenda a tsiku ndi tsiku, koma aakulu amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Salima, ndipo akakula kwambiri ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati pakhomo pali wodwala shuga, wa BP kapena mayi woyembekezera, werengerani mtunda umenewu usiku, osati masana.

Madzi a nyanja nawo ali ndi malire awo amene salemba pachikwangwani. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri ndipo inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Mitsinje ngati Linthipe ndi Lifidzi imasefukira m'dzinja. Amene akufuna kugula malo afunse akuluakulu a pamudzi kuti madzi anafika pati chaka chimenecho. Malo ambiri ndi a mafumu, choncho kupereka ndalama kwa munthu mmodzi popanda a nyakwawa, achibale ake ndi kalata yosainirana ndiko kugula mlandu. Safunsa anadya phula. Nzeru yake ndi kuyamba mwachita lendi kwa chaka chathunthu kuti muone chilimwe ndi dzinja lomwe.

Oganiza zokachita bizinesi adziwe kuti ndalama ya kunyanja imayenda ndi nsomba. Mphepo ya mwera ikalimba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala pamtunda ndipo msika umazizira. Palinso miyezi imene usodzi umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Pachilumba cha Mbenje, kwa Mfumu Yaikulu Makanjira, anthu akhala akusunga lamulo lawolawo kuyambira m'zaka za m'ma 1950: amatseka mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo. Wagolosale amene sakudziwa kalendala imeneyi amakongoza katundu pa nthawi yolakwika, mpamba n'kuthera m'kope la ngongole.

Tisaiwale anthu ake. M'mbali mwa nyanja ya Salima mumakhala Achewa ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, komanso asodzi ochokera kumaboma ena. Lachisanu lili ndi ulemu wake, maliro ali ndi mwambo wake. M'tauni mukhoza kutha zaka zisanu osadziwa dzina la woyandikana naye, koma kumalo aang'ono aliyense amadziwa nthawi imene mwabwera usiku ndi amene munali naye. Ena zimenezi zimawabanikitsa. Koma maso omwewo ndi amene amaona kuti simunatsegule chitseko m'mawa, n'kubwera kudzagogoda. Mlendo wopita kumaliro, wopereka moni kwa a mfumu ndi wolemekeza chipembedzo cha anzake sachedwa kukhala mwana wa pamudzi.

Tsono pali mbali ina imene kalata siinena. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, ndipo m'boma la Salima munali anthu oposa 470,000. Ana awo ambiri amaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS, ndipo amalemba mayeso a MSCE omwewo amene amalemba ana a m'sukulu zapamwamba za m'mizinda. Ife amene timaphunzitsa m'sukulu zoterezi timadziwa zimene zimachitika mphunzitsi wa sayansi akakana kubwera: phunzirolo limapatsidwa kwa munthu amene sanaliphunzire, kapena limangokhala pa ndandanda. Kunyanja mpikisano ndi waukulu, chifukwa mnyamata wa Fomu 2 akhoza kupeza ndalama usiku umodzi pokoka khoka, ndipo mtsikana amanyengedwa ndi ndalama yomweyo ngakhale malamulo amaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Mphunzitsi kapena namwino wokhazikika pamalo ndiye umboni woti sukulu ili ndi phindu. Wobwera Lolemba masana n'kuthawa Lachinayi amaphunzitsa ana kuti kwawoko ndi malo othawidwa.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense apite. Amene ali ndi wodwala wofuna dokotala pafupipafupi ali ndi chifukwa chomveka chopemphera malo ena, ndipo akuluakulu a ntchito ayenera kumumvetsera. Nalo boma likatumiza munthu kutali, lionetsetse kuti nyumba ilipo ndipo ndalama zolimbikitsira ogwira ntchito kumidzi zikufika m'nthawi yake. Walira mvula walira matope: wofuna antchito kumudzi akonzenso pogona pawo.

Kwa ena tonsefe, njira yabwino ndi kukaona ndi maso. Kwerani minibasi, mukagone usiku umodzi kapena uwiri, mukalawe madzi ake, muyese netiweki ya foni, mufunse mtengo wa kabaza wopita kuchipatala, mucheze ndi amene akhalako zaka zingapo. Mukabwerako, khalani pansi ndi banja lanu, mulembe papepala zolowa ndi zotuluka. Ngati madzi abwino alipo, nyumba ili pamtunda ndipo banja lagwirizana zopita limodzi, pitani ndi mtima wokakhala. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikusowa, konzani chimenecho kaye musanakweze katundu pa lole.