KULUMIKIZA DIKODA YOJAMBULA KU WI-FI: ZIMENE MAYI WA PAKHOMO AYENERA KUDZIWA

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za kabokosi kamene kamakhala pansi pa wailesi ya kanema m'nyumba zambiri masiku ano, kamene timakapukuta fumbi m'mawa uliwonse koma ambiri a ife sitinagwirepo mabatani ake. Kabokosi kameneka ndi dikoda, ndipo mitundu ina ya dikoda imatha kujambula mapulogalamu ndi kuwasunga kuti mudzawaonere pa nthawi imene mwapeza mpata.

M'mabanja ambiri nkhani ya zipangizo zotere imasiyidwa m'manja mwa abambo kapena anyamata. Koma tsiku limene kabokosika kalumikizidwa ku intaneti, nkhaniyo yakhudza ndalama za pakhomo ndiponso maleredwe a ana, ndipo ziwiri zonsezi ndi katundu amene inu mayi mumasenza tsiku ndi tsiku. Chotero nkoyenera kuti ntchito yolumikizayi muidziwe bwino, ndipo ngati nkotheka muichite ndi manja anu.

KODI DIKODA YOJAMBULA NCHIYANI?

Wailesi ya kanema ya dziko la Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo amene munali ndi makina a vidiyo masiku amenewo mukumbukira kuti pofuna kusunga pulogalamu pankafunika kaseti. Dikoda yojambula imagwira ntchito yomweyo popanda kaseti, pakuti m'kati mwake muli nkhokwe yonga ya kompyuta. Yodziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi Explora ya DStv, imene kampani ya MultiChoice inaitulutsa mu 2013. Nayo mungathe kujambula sewero limene likuonetsedwa inu muli kumsika, kumunda kapena kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Mungathenso kuimitsa pulogalamu kuti mukaone ndiwo pamoto, nkudzapitiriza pamene munalekezera. Kuti izi zitheke pamakhala kandalama kapadera kolipira mwezi ndi mwezi pamwamba pa malipiro a nthawi zonse.

Mfundo yoyamba yoti muisunge ndi iyi: kujambula sikufuna intaneti. Zithunzi zimatsika kuchokera ku setilaiti, nkulandiridwa ndi mbale ija ili pakhoma kapena padenga, ndipo dikoda imangozisunga m'nkhokwe mwake. Choncho mayi wa kumudzi amene ali ndi magetsi a sola ndi mbale, koma netiweki ya foni kwawoko njovuta, asadandaule kuti watsalira. Dikoda yake idzajambula chimodzimodzi ndi ya mnzake wa ku Lilongwe, malinga ngati ili yoyaka pa nthawi imene pulogalamuyo ikuonetsedwa.

Nanga intaneti ikupindulitsani chiyani? Dikoda ikalumikizidwa imatha kukutengerani mapulogalamu ena amene anadutsa kale inu musanawajambule, pamodzi ndi mafilimu ochuluka amene nkhokwe yake sikanatha kuwasunga onse. Explora Ultra, imene inatuluka ku South Africa mu 2020, imafikira ngakhale ku Netflix, ngakhale kuti Netflix ili ndi malipiro akeake. Zimene mungapeze zimasiyana malinga ndi dziko limene muli ndiponso malipiro amene munasankha, tsono funsani kwa amene anakugulitsani musanawononge ndalama. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Wi-Fi ndi njira yotumizira intaneti m'nyumba popanda waya. Gwero lake ndi kabokosi kena kotchedwa rauta, kamene tingakayerekeze ndi mpopi wa pakhomo: madzi amachokera kutali, koma onse a m'nyumba amatunga pamenepo. Rauta zambiri kuno kwathu zimagwiritsa ntchito simu khadi ya Airtel kapena TNM, zina zimalandira intaneti kudzera pa waya wa kampani, ndipo kuyambira mu 2023 kulinso Starlink, imene imalandira kuchokera ku setilaiti. Ngati mulibe rauta, foni yamakono ingathe kugawira dikoda intaneti mukayatsa chimene pa fonipo chalembedwa kuti hotspot.

Kenaka yang'anani mtundu wa dikoda yanu. Explora Ultra ili ndi Wi-Fi m'kati mwake. Ma Explora oyambirira alibe, ndipo amafuna kachipangizo kakang'ono kotchedwa DStv Wi-Fi Connector kamene kamalowetsedwa pa kabowo ka USB kumbuyo kwa dikoda. Musagule kachipangizo kalikonse kamene mwakaona pamsika poganiza kuti nkofanana, chifukwa dikoda imakana zipangizo zimene sizinapangidwire iyo.

Pomaliza mufunika dzina la Wi-Fi yanu ndi mawu ake achinsinsi, amene ana amawatcha pasiwedi. Kawirikawiri zonsezi zimalembedwa pa kapepala komatidwa pansi kapena kumbuyo kwa rauta. Zikopereni papepala musanayambe, chilembo ndi chilembo, kuti musavutike kutembenuza rauta muli pakati pa ntchito.

KALUMIKIZIDWE KAKE

Choyamba, yatsani rauta ndi kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kufikira timagetsi take titakhazikika. Yesani ndi foni yanu ngati intaneti ikugwira, pakuti ngati bandulo inatha, ngakhale mutalumikiza bwino chotani palibe chimene chidzaoneke.

Chachiwiri, ngati dikoda yanu ndi yofuna kachipangizo kaja, kalowetseni pamalo pake mosakakamiza. Kakakana kulowa, katembenuzeni.

Chachitatu, tengani limoti ndi kutsegula mndandanda waukulu wa dikoda. Mawu a pamenepa ali m'Chingerezi, koma asakuopseni. Funani pamene palembedwa Settings, ndipo m'kati mwake funani mawu akuti Network, Wireless kapena Wi-Fi, pakuti kalembedwe kamasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa dikoda. Mukasankha pamenepo dikoda idzafufuza yokha ndi kukuonetsani mayina a Wi-Fi zonse zimene zili pafupi. M'tauni mudzaona ndi za anansi anu zomwe. Inu sankhani dzina limene munalemba papepala lija.

Chachinayi, lembani mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito zilembo zimene zidzaoneke pa kanema. Apa mpamene ambiri amakhumudwira, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono makina amaziwerenga ngati zosiyana. Samalaninso kuti musasokoneze chilembo O ndi nambala 0, kapena chilembo l ndi nambala 1. Mukatsiriza, dikoda idzakuuzani kuti yalumikizika, ndipo mawuwo idzawasunga, kotero kuti simudzawalembanso pokhapokha mutawasintha pa rauta.

Ngati rauta ili pafupi ndi wailesi ya kanema, pali njira ina yosavuta koposa. Gulani waya wa Ethernet, wonga wolumikizira makompyuta m'maofesi, ndi kulowetsa mbali imodzi ku rauta, ina ku dikoda. Pamenepo sipafunika mawu achinsinsi, zithunzi sizidukaduka, ndipo wayayu amagwira bwino ntchito kufikira mamita 100.

ZIKAKANA, MUYANG'ANE PATI?

Musafulumire kuitana mmisiri, pakuti zovuta zambiri nzoti mungazithetse nokha. Mphamvu ya Wi-Fi imachepa ikamadutsa m'makoma a njerwa zootcha kapena a simenti, ndipo chitsulo chimaitchinga kwambiri. Rauta imene yabisidwa m'kabati, kuseri kwa filiji kapena pansi pa kama singatumikire bwino dikoda imene ili pabalaza. Ikhazikeni pamalo okwera ndi oonekera, chapakati pa nyumba. Rauta ya simu khadi imakondanso pafupi ndi zenera, pamene netiweki imafika mwamphamvu.

Rauta zina zimaonetsa mayina awiri, lina lothera ndi 2.4 ndipo lina ndi 5. La 5 ndi lofulumira koma silifika patali, pamene la 2.4 limayenda pang'onopang'ono koma limadutsa makoma bwinoko. Ngati pakati pa rauta ndi dikoda pali zipinda, sankhani la 2.4. Zonse zikakanika, zimitsani rauta ndi dikoda yomwe, dikirani mphindi imodzi, kenaka yatsani rauta poyamba ndi dikoda pambuyo pake.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama, imene ndiyo yandichititsa kulemba nkhaniyi. Kuonera kudzera pa mbale mumalipira kamodzi pa mwezi, kaya muonere usana ndi usiku. Kuonera kudzera pa intaneti kumadya bandulo mphindi iliyonse, ndipo zithunzi zoyenda zimadya kwambiri kuposa mauthenga a WhatsApp amene tinawazolowera. A Netflix amanena kuti ola limodzi la zithunzi wamba limatha pafupifupi gigabayiti 1, ndipo ola la zithunzi zowala kwambiri, zimene amazitcha HD, limatha kufikira magigabayiti 3.

Tiyeni tiwerengere limodzi monga timachitira ndi thumba la ufa. Banja likamaonera maola awiri madzulo aliwonse pa zithunzi za HD, ndiye kuti pa tsiku lingathe magigabayiti 6, ndipo pa masiku 30 afika 180. Pa zithunzi wamba, mwezi womwewo ungathe magigabayiti 60. Funsani mtengo wa bandulo yotere kwa kampani yanu, nkuuika pambali pa mtengo wa makala, sopo ndi fizi ya ana. Mukatero mudzadziwa ngati banja lanu lingakwanitse.

Nkhaniyi mukambirane ndi abambo a kunyumba musanalumikize, mtima uli m'malo, pakuti kukambirana bandulo itatha kale pakati pa mwezi kumabala mawu owawa. Mugwirizane ndalama zimene mudzapatula pa mwezi, ndiponso chochita zikatha. Nzeru yabwino njakuti mapulogalamu onse amene amabwera pa mbale muziwajambula, ndipo intaneti muziisungira zokhazo zimene simungazipeze mwa njira ina. Pamene pali mwayi wosankha kawalidwe ka zithunzi, sankhani kotsikirapo. Ngati mukugawira dikoda kuchokera pa foni, zimitsani hotspot mukangotha kuonera, kuopa kuti bandulo imene mumachitira malonda anu ingathere pa mafilimu.

Mawu achinsinsi aja ndi kiyi wa nkhokwe yanu. Mukapatsa mwana mmodzi wa kwa aneba, pofika mawa adzakhala atafika kwa anzake onse, ndipo onsewo adzatunga pa mpopi umene mukulipira inu. Kuthandizana ndi khalidwe lathu labwino, koma zichitike mutagwirizana akuluakulu. Mukaona kuti bandulo ikutha modabwitsa, sinthani mawuwo. Asachepere zilembo 8, akhale osakaniza zilembo ndi manambala, ndipo lisakhale dzina la mwana wanu kapena chaka chimene munabadwa.

M'MERA MPOYAMBA

Kale mlendo wofuna kulankhula ndi ana athu ankayamba waodira pakhomo. Dikoda yolumikizidwa imalowetsa alendo ambirimbiri pabalaza popanda odi, ndipo ena a iwo si oyenera maso a mwana. Mwamwayi dikoda ili ndi loko, imene m'Chingerezi yalembedwa kuti Parental Control. Mapulogalamu amaikidwa m'magulu potengera zaka za oonera, monga 13, 16 ndi 18, ndipo inu mukasankha malire, chilichonse choposa pamenepo chimafuna nambala yachinsinsi ya manambala anayi. Dikoda za DStv zimabwera ndi nambala 1234, imene ana ambiri amaidziwa kale, tsono isintheni tsiku lomwelo, ndipo muidziwe inu ndi abambo basi. Kumbukiraninso kuti Netflix ili ndi loko yakeyake imene muyenera kuitchera padera.

Loko yokha singalere mwana. Ikani lamulo la nthawi yoonera, ndipo ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo zikhale zitatha kanema asanayatsidwe. Apa dikoda yojambula imakuthandizani, chifukwa mwana sangalirenso kuti pulogalamu yake imupita. Mujambulireni, adzaonera Loweruka. Nthawi zina khalani naye pansi nkuonera limodzi, kuti mudziwe zimene zikulowa m'mutu mwake ndi kumuyankha mafunso ake.

KASAMALIDWE KAKE

Dikoda yojambula imatentha ikamagwira ntchito, ndipo imapumira pa timabowo ta m'mbali ndi pamwamba pake. Tinsalu toluka timene timakongoletsera pabalaza musatifunditse pa iyo kapena pa rauta, ndipo musaikepo maluwa okhala ndi madzi. Magetsi akazima, zulani mapulagi, nkudzalumikizanso magetsi atabwera ndi kukhazikika, pakuti mphamvu imene amabwera nayo nthawi zina imaotcha zipangizo. Chitaninso chimodzimodzi m'nyengo ya dzinja pamene kunja kukuchita ziphaliwali. Amayi a kumudzi ogwiritsa ntchito sola, onetsetsani kuti batire ili ndi mphamvu yokwanira nthawi imene mwatchera kujambula, chifukwa dikoda ikazima pakati, pulogalamunso idukira pomwepo.

Amayi anzanga, amene mumatha kutsatira muyeso wophikira keke, kudula diresi ndi kusunga buku la banki mkhonde simungalephere ntchito ya mphindi khumi ngati iyi. Lembani dzina la Wi-Fi, mawu achinsinsi ndi nambala ya loko m'kabuku kanu, ndipo mukasunge pamene mumasunga makadi a kusikelo ndi mapepala ena ofunika a banja. Mukaidziwa ntchitoyi, kaphunzitseninso mnzanu.