LINGA LA MIYALA LOMWE LINASUNGA NG'OMBE ZA MAFUMU A KU IRELAND

Munthu wofuna kuona Cahercommaun ayenera kusiya galimoto pa mseu ndi kukwera citunda wapansi. Malowa ali kumadzulo kwa dziko la Ireland, m'boma la Clare, pafupi ndi kamudzi kochedwa Carran. Dera lonselo limachedwa Burren, ndipo ndi dziko la matanthwe otuwa a laimu, kumene udzu umamera m'ming'alu ya miyala.

Pamwamba pa citunda mlendo amapeza malinga atatu a miyala, lina mkati mwa linzake. Malinga awiri akunja amakhota ngati uta, ndipo nsonga zake zimathera pa phompho lalikulu. Mbali imeneyo omanga sanavutike nayo kwambiri, popeza mdani sakanatha kukwera phompholo. Miyala yonse inangosanjikizidwa ndi manja, popanda simenti kapena dothi, koma yakhalapo zaka zoposa 1,200, pakuti akatswiri amati lingali linamangidwa ca m'ma 800.

Linga la mkati ndilo lalikulu koposa. Akatswiri anawerengera kuti pa linga limeneli lokha panalowa matani 16,500 a miyala. Banja limodzi silikanatha nchito yotere. Mwini wake anali mfumu yokhoza kuitana anthu ambiri kuti adzasenze miyala, ndipo mphamvu yoitanira anthuwo inali kucokera ku ng'ombe.

M'masiku amenewo ku Ireland kunalibe ndalama zosula, ndipo dziko linali logawikana m'maufumu ang'ono-ang'ono oposa 100. Malamulo a dzikolo, amene analembedwa m'zaka za m'ma 600 ndi 700, anali kuyeza ulemu wa munthu ndi ng'ombe zake. Mlandu unali kulipidwa ndi ng'ombe. Mlimi wodziimira payekha anali kuchedwa bóaire, ndiko kuti mwini ng'ombe. Mfumu inali kubwereketsa ng'ombe kwa alimi, ndipo iwo anali kubweza caka ndi caka ndi mkaka, batala, nyama ndi mbeu, kuonjezapo nchito ya manja monga kumanga linga la mfumuyo.

Pamene pali cuma mbala sizisowa. Kulanda ng'ombe za ufumu woyandikana nao kunali kofala, kotero kuti nthano yaikulu koposa ya makolo a ku Ireland, Táin Bó Cúailnge, imanena za nkhondo yolimbirana ng'ombe yamphongo imodzi. Panalinso mimbulu yolusa imene inali kugwira ana a ng'ombe usiku, ndiponso acifwamba ogwira anthu ukapolo. Cifukwa cake mlimi aliyense wopata bwino anazinga nyumba zake ndi linga lozungulira. Pakati pa malinga a ku Cahercommaun pali timakoma tina todula malowo m'zigawo, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti zigawozo zinali makola.

Zambiri za moyo wa pamalopa zinadziwika m'caka ca 1934, pamene gulu la akatswiri ocokera ku Harvard University ya ku America, lotsogoleredwa ndi a Hugh O'Neill Hencken, linakumba mkati mwa linga. Iwo anapeza maziko a nyumba za miyala ndiponso tinjira ta pansi pa nthaka, m'mene anthu anali kusungira zakudya pozizira ndi kubisala pa nthawi ya nkhondo. Anafukulanso mafupa a nyama oculuka zedi, ndipo pa mafupa 100 alionse oposa 90 anali a ng'ombe.

Nchito za amai nazo zinasiya mboni. Panapezeka mphero zoperera mbeu ndi timiyala tobooka pakati toposa 50, timene tinali kuthandiza popota ulusi wa ubweya wa nkhosa. M'kanjira kena ka pansi munapezeka cokometsera ca siliva cogwirira nsalu pa cifuwa, cimene tsopano cili m'nyumba yosungira zakale ya National Museum of Ireland mu mzinda wa Dublin.

Cahercommaun si linga lokhalo ai. M'dziko lonse la Ireland mwawerengedwa malinga ozungulira oposa 40,000, ndipo ambiri anamangidwa pakati pa zaka za 600 ndi 900. Kumene nthaka ndi yakuya anthu anaunda dothi ndi kukumba ngalande, nalicha lingalo ráth kapena lios. Kumene miyala ndi yambiri anamanga cathair kapena caiseal. Maina amenewa akali kumveka m'maina a midzi, monga Lisdoonvarna ndi Cahersiveen.

Eni ake atacoka, malinga ambiri anapulumuka cifukwa ca mantha. Alimi anali kukhulupirira kuti m'malingamo mumakhala mizimu, ndi kuti wodula mtengo kapena wocotsa mwala m'menemo adzaona tsoka pa banja lake kapena pa ziweto zake. Motero khasu linali kulambalala. Koma mantha aja atacepa, ndipo mathirakitala akulu-akulu osalaza nthaka atafika, makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, malinga ambiri-mbiri anafafanizidwa pofuna kukuza minda. Cimene makolo anamanga ndi thukuta la miyezi yambiri cinatha tsiku limodzi, ndipo mbiri yake inapita naco pamodzi. Lamulo loteteza malo akale linakhazikitsidwa m'caka ca 1930, ndipo Cahercommaun lero lili m'manja mwa Boma.

Potsika citunda mlendo angakumane ndi ng'ombe zikudya pakati pa matanthwe. Alimi a ku Burren ali ndi mwambo wao-wao: nyengo yozizira ikayamba amakweza ng'ombe ku mapiri a miyala, kumene pansi sipacita matope ndipo madzi amapezeka, nazitsitsa nyengo yofunda ikabwera. Kudya kwa ng'ombezo kumaletsa chire kuphimba maluwa osowa a m'deralo. Mafumu a Cahercommaun anaiwalika kale-kale, koma ng'ombe zimene zinawamangitsa linga zikali kudyetsa mabanja a pa citunda comweco.