Utsi Upatseni Njira: Chipewa ndi Chumuni m'Khitchini Yakale

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira kwambiri. Chisanu chikafika, ife a ku Bembeke, Linthipe ndi madera ena ozungulira phiri timatseka chitseko cha khitchini, n'kutsekanso mazenera ndi masaka. Mayi amaphika, mwana ali kumsana, agogo akuwotha pambali. Yang'anani denga la khitchini imene yagwira ntchito zaka 20: lakuda bii ndi mwaye. Utsi umene unadetsa dengalo ndi womwewo umene banja limapuma tsiku ndi tsiku.

Bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unachititsa imfa za anthu 3.2 miliyoni padziko lonse. Umabweretsa chibayo kwa ana, ndipo kwa akulu umayambitsa chifuwa chosatha, matenda a mtima ndi ng'ala m'maso.

Mbaula yokha siikwanira

Ambiri tili ndi chitetezo mbaula, ndipo imatithandiza kusunga nkhuni. Koma kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, pa ana oposa 10,000, anapeza mu 2016 kuti ngakhale mbaula zamakono zotentha nkhuni bwino sizinachepetse chibayo mwa ana. Ku mapiri a dziko la Guatemala, komwe kumazizira ngati kuno, anayesa njira ina: sitovu zokhala ndi chumuni. Zotsatira za mu 2011 zinaonetsa kuti utsi umene ana ankapuma unatsika ndi theka, ndipo chibayo choopsa chinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ife ogwira ntchito yodzipereka ya zaumoyo tikutolapo phunziro ili: kuchepetsa utsi n'kwabwino, koma wotsalawo uyenera kutuluka panja.

Chogula chakale, kapena chokhometsa?

M'masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe mutha kupeza chipewa chachitsulo choika pamwamba pa sitovu, chimene ogulitsa amachitcha range hood. Chimakoka nthunzi ndi fani ya magetsi. Ngati mumaphikira magetsi kapena gasi, chingakuthandizeni, koma musapereke ndalama musanachiyatse pomwepo. Mverani ngati fani ikuzungulira mosakhwekhwereza, onani ngati mawaya sanapse, ndipo tulutsani sefa yake muone ngati ingatsukike. Chachikulu, funani bowo lolumikizira paipi yopita panja. Zina zilibe bowolo. Zimangosefa fungo n'kubwezera mpweya womwewo m'khitchini.

Pa moto wa nkhuni chipewa chotere musachiike. Mwaye umatseka sefa m'masiku ochepa, kutentha kumasungunula mawaya, ndipo magetsi akazima chimangokhala chokongoletsa. Khitchini ya mafuwa kapena ya chitetezo mbaula imafuna chipewa chopanda fani, chimene chimakoka chifukwa mpweya wotentha umakwera wokha. Amisiri okhoma ndowa ndi mbaula m'misika yathu angachipange ndi malata akale kapena mgolo.

Posankha zitsulo zakalezo samalani zinthu zitatu. Musagule mgolo umene munali mankhwala a mbewu kapena umene simukudziwa chimene munali. Malata opakidwa utoto akanidwe, chifukwa utoto wakale nthawi zina umakhala ndi mtovu. Ndipo ngati mwapeza paipi kapena malata otuwa ooneka ngati simenti, ochokera m'nyumba zakale, asiyeni: angakhale a asibesitosi, amene fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo akamachekedwa.

Yambani mwaona zimene zilipo

Nyumba zina zakale zanjerwa zinamangidwa ndi chumuni kale. Musanawononge ndalama, yatsani pepala pansi pake muone ngati utsi ukukwera. Nthawi zambiri chumuni chotere chimangokhala chotsekeka ndi zisa za mbalame ndi mwaye. Kuchikolopa ndi nsungwi yaitali yomangirira chiguduli, ndi kumata ming'alu, kungakhale kokwanira.

Kaikidwe kake

Ikani moto pafupi ndi khoma, osati pakati pa khitchini. Mangani timakoma tiwiri tanjerwa m'mbali mwa moto, kuti kutsogolo kokha kukhale kotseguka, ndipo chipewa chikhale pa timakomato. Chikhale chachikulu kuposa malo a moto mbali zonse. Kutalika kwake muyeze ndi amene amaphika: mphika waukulu wa nsima ulowe, mthiko utakase momasuka, koma chisakwere kuposa pamenepo, chifukwa chikatalikira moto utsi umathawira m'mbali. Malawi asamanyambite malata.

Paipi ikhale yotakata, yosachepera masentimita 15, ndipo ikwere mowongoka. Kukhota kulikonse kumafooketsa kukoka. Pamwamba ipitirire msonga ya denga ndi masentimita pafupifupi 60, ndipo ivekedwe kachipewa kotchinga mvula koma kosiya mpata m'mbali. Pobowola malata, matani bwino polowera paipi kuti mvula isadonthe, ndipo paipi isakhudze mitengo ya denga.

Ngati denga ndi laudzu, apa ndiye pofunika kusamala koposa. Paipi yotentha ikagunda udzu, khitchini ipsa. Itulutsireni pakhoma, ikwere motsetsereka, kenako iime panja patali ndi udzu. Kapena mangani chumuni chanjerwa.

Chipewa sichingakoke ngati mpweya wina sukulowa. Siyani kabowo pansi pa khoma loyang'anana ndi moto, kapena mpata pansi pa chitseko. Kabowo kameneka sikabweretsa chisanu chochuluka ngati zenera lotsegula, choncho musakatseke ngakhale mu Julaye.

Mukamaliza

Kolezani moto wa nkhuni zouma n'kuima pakhomo. Ngati utsi ukutulukira m'mphepete mwa chipewa, tsitsani chipewacho pang'ono kapena onjezani kutalika kwa paipi. Kamodzi pa mwezi, moto utazima, gogodani paipi ndi kuchotsa mwaye, chifukwa ukaunjikana umayaka. Ambiri timaphika kwambiri Lachisanu pokonzekera Sabata, choncho Lachinayi ndi tsiku labwino la ntchitoyi.

Kumbukiraninso kuti makala sasuka utsi wooneka, koma amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Mbaula ya makala ikhale pansi pa chipewa kapena panja, osati kuchipinda chogona. Ndipo mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche: thamangirani naye kuchipatala.