Volovolo Yaikulu: Mphamvu Zake ndi Zobvuta Zake

M'caka ca 1955, kampani ya Smith & Wesson ku America inapanga volovolo ya .44 Magnum, mfuti ya m'manja imene cipolopolo cake n'cacikulu pafupifupi mamilimita 11. Inachuka kwambiri mu 1971 pamene Clint Eastwood anaonekera nayo m'kanema wa Dirty Harry.

Ubwino wake ndi wakuti ili ndi mphamvu zogwetsa nyama zikuluzikulu. Ndico cifukwa cake alenje ambiri ku Alaska amainyamula podziteteza kwa zimbalangondo. Kapangidwe kake n'kosabvuta, ndipo siikanika kulira kawirikawiri.

Komabe akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti imeneyi imalemera kuposa kilogalamu imodzi, ndipo ikalira imakankha dzanja mwamphamvu kotero kuti wosaizolowera amaphonya. Phokoso lake limaononga makutu. Imalowa zipolopolo 6 zokha, zomwenso n'zokwera mtengo. Coopsa koposa n'cakuti cipolopolo cingaboole citseko ndi kupha munthu wosalakwa kuseri kwake.

Motero mfutiyi imathandiza mlenje wophunzira bwino m'thengo, koma pamudzi pamene pali ana ingabweretse maliro. Muno mu Zambia, kusunga mfuti popanda laisensi ndi mlandu.