Tayala la mano aakulu pa mseu wa tala: mwini karinya asankhe liti?

LIFIDZI, Angónia — Mwini karinya wa kuno amayenda m'miseu iwiri yosiyana, koma ndalama ya matayala amaipeza kamodzi. Mseu woyamba ndi wa tala, wochoka ku Ulongué kutsikira ku Mussacama, kukalowa mu N7, kudutsa Moatize mpaka mu mzinda wa Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200. Wachiwiri ndi kanjira ka dothi kopatuka pa mseu waukulu kukafika kumunda wa mbatata ya kachewere, mwina makilomita asanu, mwina khumi. Kanjira kameneka m'chilimwe sikavuta munthu. Mvula ikangoyamba mu Novembala, mpaka Malichi, kamasanduka phala.

Nchifukwa chake ku Lifidzi ndi m'dera lonse la Dómuè funso la matayala silitha. Karinya, imene abale athu a kutsidya kwa Dedza amati pikapu, ndiyo imanyamula feteleza, mbatata, nyemba, chimanga, ndiponso wodwala wa pakati pa usiku. Kodi ivale tayala la pa tala, kapena la mano aakulu lija limene anyamata amaliyang'ana kawiri likamadutsa?

Mitundu yake

Pa matayala ambiri a karinya pamalembedwa zilembo ziwiri zosonyeza ntchito yake. La H/T ndi la mseu wa tala: mano ake ndi aang'ono, oyandikana, ndipo liri ndi tingalande totalika totulutsa madzi. La M/T ndi la m'matope: mano ake ndi akuluakulu, otalikirana, kuti matope azidzichokera okha tayala likamazungulira. Pakati pa awiriwa pali la A/T, limene adalipanga kuti liziyenda ponseponse. Kampani ya BFGoodrich ya ku America idatulutsa tayala lake lotchuka la mtundu umenewu mu 1976, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse ili nalo lake: Dunlop ili ndi Grandtrek, Bridgestone ili ndi Dueler, General ili ndi Grabber, Goodyear ili ndi Wrangler.

Koma chenjerani apa. Dzina limodzi lomwelo, monga Dueler kapena Wrangler, limapezeka pa matayala a pa tala ndi a m'thengo omwe. Komanso matayala a A/T sali ofanana onse. Ena mano ake ndi oyandikana, moti amasiyana pang'ono ndi H/T. Ena ndi aukali, atsala pang'ono kufanana ndi M/T. Munthu wongonena kuti akufuna A/T sadatsirize kusankha.

Zimene mano aakulu amakulipiritsani

Tayala la mano aakulu limadya mafuta. Ndi lolemera, ndipo mano ake amapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse akakhudza tala, choncho injini imagwira ntchito yoposa. Pa ulendo umodzi kusiyanako simungakuone bwino. Kwa munthu wotsika ku Tete sabata ndi sabata, pakutha pa chaka ndi ndalama ndithu.

Limachitanso phokoso. Amene adakwerapo karinya ya M/T pa tala akudziwa kulira kuja kokhala ngati dzombe la njuchi, kumene kumakula tayala likayamba kutha mokhota. Ena amati phokoso nlosapha. Nzoona. Chopha ndi ichi: pa tala yonyowa, tayala la mano otalikirana limakhudza mseu ndi labala wochepa, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali isanaime. Onjezani kuti karinya yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo. Dalaivala wochokera ku Tete wopanda kanthu m'bokosi, mvula ya masana itangogwa pa zitunda za Angónia, mwana kapena ng'ombe nkutulukira mu mseu, mamita ochepa omwewo ndi amene amalekanitsa mantha ndi maliro.

Matayala ena obwera kuchokera kunja amafika ndi kapepala ka ku Ulaya komata pa mano. Kuyambira mu Meyi 2021 kapepala kameneka kamapereka chilembo kuchokera pa A mpaka E pa kagwiridwe ka tayala pa mseu wonyowa, china pa kadyedwe ka mafuta, ndi nambala ya phokoso. A ndiye wabwino koposa. Mukakapeza, kawerengeni. Kamanena zambiri kuposa wogulitsa. Ndipo wogulitsa akakulozerani chithunzi cha kaphiri ka nsonga zitatu pambali pa tayala, musaganize kuti akunena za phiri la Dómuè. Chizindikiro chimenecho ndi cha chipale chofewa cha m'maiko ozizira. Juni wa kuno amaluma, inde, koma chipale chotero sichigwa m'miseu yathu.

Nanga m'matope?

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Tayala la A/T limathandiza kwambiri pa miyala, pa tsangalabwi, pa mseu wa fumbi wokumbika, ndi pa matope osaya. Labala wake sadukaduka msanga ndi miyala yakuthwa, ndipo m'mbali mwa ambiri ndi molimba kuposa H/T. Koma dothi lathu lofiira likakhuta madzi limamata. Limadzaza mipata yonse ya mano, tayala nkusalala ngati dzungu, nkumangozungulira pamalo amodzi.

Ndidaziona ndekha chaka china mu Febuluwale, nditapempha thandizo la ulendo pa karinya ya bambo wina amene anali atangoika matayala atsopano a A/T, onse anayi. Panjira ponse nkhani inali ya matayalawo. Titafika pa kadambo kena, galimoto idatsetsereka pang'onopang'ono nkukhala pansi. Tidakankha, tidaika nthambi, osatheka. Adatikoka ndi ng'ombe ziwiri za mnyamata amene ankabwera m'mbuyo mwathu ndi ngolo. Mwini galimoto adamulipira mosawiringula, ndipo za matayala sitidakambenso mpaka ku Ulongué.

Tayala la M/T likadatha kutuluka pamenepo, mwina. Koma funsani: masiku otere ndi angati pa chaka? Ngati pa makilomita 100 alionse, 90 ndi a tala, ndiye kuti mukugula tayala lodula, lakudya mafuta, lochedwa kuima pa mvula, kaamba ka masabata owerengeka. Alimi ambiri kuno adapeza kale njira yotsika mtengo: m'miyezi ya matope ngolo ya ng'ombe imatulutsa matumba kumunda kufikitsa pa mseu, karinya nkuyambira pamenepo. M/T ndi la munthu amene ntchito yake ili m'thengo tsiku ndi tsiku, monga woyendera minda ya fodya kapena wofika m'midzi yakutali nyengo iliyonse.

Kwa ena tonsefe, maganizo anga ndi awa. Amene satuluka pa tala, wa pakati pa Ulongué, Calómuè ndi Tete, agule H/T ndipo asachite manyazi. Amene amapatuka kulowa m'midzi sabata iliyonse agule A/T, koma la mano oyandikana, osati laukali lija.

Nambala zofunika kuposa mano

Tsopano tifike pa nkhani imene ogula ambiri sayang'ana nkomwe. Pambali pa tayala pali manambala. Titenge chitsanzo cha 265/65R17 112T, chimene chimapezeka pa ma Hilux ambiri a masiku ano. 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Koma nambala ya moyo ndi 112. Imatanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,120, ngati lapopedwa mokwanira. Nambala 106, imene ili pa tayala la 195R14C la makarinya akale, ndi makilogalamu 950. Nambala 120 ndi makilogalamu 1,400. Chilembo chotsatira ndi liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190.

Lamulo lake nlosavuta. Musagule tayala la nambala yotsika kuposa imene kampani ya galimoto idalemba pa kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Tayala lingakhale ndi mano oopsa ngati a ng'ona koma nambala yake ili yochepa, ndipo wogulitsa sangakuuzeni ngati simufunsa.

Kwa wonyamula katundu tsiku lililonse, pali matayala olembedwa LT kutsogolo kapena C kumapeto, nthawi zina ndi 8PR kapena 10PR. Mkati mwake ndi molimba, ndipo amalandira mpweya wambiri. Kuipa kwake nkwakuti galimoto yopanda katundu imadumphadumpha, msana nkumva. Dziwaninso kuti tayala lotere limafuna mpweya woposa wa tayala wamba kuti lisenze katundu yemweyo. Mukalipopa ngati lija lakale, mphamvu imene mudalipirira simuipeza.

Ndipo tayala lolimba silisandutsa karinya kukhala kaminyawu. Makarinya ambiri adapangidwa kuti anyamule pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe ali m'katimo. Matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50 akwana kale tani. Tonse tidaonapo galimoto zonyamuka kuno zitakhala pansi kumbuyo, matumba a mbatata atapitirira denga, pamwamba pake anthu anayi kapena asanu. Masipuling'i, ekiselo ndi mabuleki ndi zomwe zija, ngakhale tayala likhale la 10PR.

Kutentha kwa ku Tete

Mdani wamkulu wa tayala pa ulendo wathu si matope ayi, ndi kutentha. Galimoto imanyamuka kuno m'mamawa kukuzizira, pa mtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Pofika masana ili m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tala imatentha kuposa pamenepo. Tayala losowa mpweya, litasenza katundu wopyola, limapindika kwambiri m'mbali. Kupindikako kumabala moto mkati mwake, labala nkuyamba kulekana ndi mawaya. Kenaka limaphulika, kawirikawiri la kumbuyo, galimoto ili pa liwiro. Zidutswa za labala zimene mumaziona m'mbali mwa N7 zambiri zidachokera pamenepo. Tayala la mano okhuthala limasunga kutentha kwambiri kuposa la mano aang'ono, chimene chiri chifukwa china chosagulira M/T pa ulendo wautali wa tala.

Yezani mpweya m'mawa, galimoto isanayende. Pa chitseko paja pamalembedwa miyeso iwiri, wa galimoto yopepuka ndi wa galimoto yodzaza. Mukaima ku Moatize nkupeza kuti mpweya wakwera, musauchotse. Wakwera kaamba ka kutentha, ndipo tayala likazizira ubwerera. Amene amaphwetsa tayala pang'ono kuti adutse pa matope kapena pa mchenga sakulakwa, njirayi imathandizadi, bola akhale ndi pampu yobwezera mpweya asanakwerenso pa tala.

Matayala a kaunjika

Fakitale ya Mabor ku Maputo idaleka kupanga matayala zaka zambiri zapitazo, ndipo lero tayala lililonse limene tikugula ndi lochokera kunja. Atsopano ndi odula, choncho ambiri amathamangira ogwiritsidwapo kale ntchito. Sindiwanyoza, thumba ndi limene limalamula. Koma A/T wakale amanyenga: kaamba koti mano ake adayamba ali akuya, amaoneka wamoyo ngakhale labala atauma kalekale.

Funani mau akuti DOT pambali pake, ndipo kumapeto kwa mzerewo mupeza manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziyang'aniridwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Yang'anani ming'alu pakati pa mano, chotupa m'mbali, ndi zigamba za mkati. Chigamba cha m'mbali mwa tayala si chokhulupirira pa galimoto ya katundu. M'tingalande muli timabampu tating'ono: mano akalingana nato, atsala mamilimita 1.6 okha, ndipo tayalalo latha. Pa mvula ndi pa matope limakhala litasiya kugwira kale lisanafike pamenepo.

Ngati ndalama ikukwanira awiri okha, agulidwe ofanana ndipo aikidwe kumbuyo, pa ekiselo imodzi. Pa galimoto ya 4x4 ndi bwino onse anayi akhale a saizi imodzi ndi mtundu umodzi, chifukwa matayala osiyana msinkhu amalimbana okhaokha ndipo amawononga magiya. Pa chifukwa chofananacho, makarinya ambiri safuna kuyenda pa tala youma ali mu 4x4: mukatuluka m'matope, chotsani. Sinthanitsani matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo pa makilomita pafupifupi 10,000 alionse, makamaka A/T, amene amatha mokhota msanga akasiyidwa malo amodzi.

Nthawi yabwino yogula ndi Okutobala, kuti mvula yoyamba ipeze mano ali akuya. Ndipo mukamawerengera ndalama, werengerani matayala asanu. Amene adakweza saizi ya anayi nkusiya sipeya yakale yaing'ono pansi pa bokosi aitulutse aione, ayezenso mpweya wake, pamodzi ndi jeke, asanapatuke kulowa njira ya kumunda.