Werengani Matumba Musanagulitse Cimanga

Alimi anzathu a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi, taonani cimene cimacitika m'midzi yathu caka ndi caka. M'mwezi wa Meyi ndi wa Juni cimanga cimadzaza pakhomo, ogula amafika ndi masikelo ao mpaka pansi pa mtengo wa pabwalo, ndipo mlimi amaona ngati walemera. Pofika Januwale munthu yemweyo mudzampeza m'munda wa mnzace akupalira ganyu kuti alandire meda imodzi ya cimanga, pamene munda wace wa iye mwini ukumera udzu. Cimanga cimene anagulitsa pa mtengo wotsika akucigulanso pa mtengo wokwera, ndipo popeza sanapalire kwace, caka camawa adzakolola pang'ono. Umu ndimo umphawi umalowera m'nyumba za anthu ambiri amene sali aulesi konse.

Coyamba cimene tikupemphani ndi ici: musanagulitse thumba ngakhale limodzi, khalani pansi bambo ndi mai pamodzi, muwerenge. Mai ndiye adziwa kuti thumba limodzi limatha masiku angati, pakuti ndiye amapita kucigayo. Tiyerekeze kuti m'nyumba mwanu muli anthu 6, ndipo thumba la makilo 50 limatha pa masabata 3. Caka ciri ndi masabata 52, cotero mufunika matumba 18. Koma kodi ndi caka citi cimene cinatha popanda maliro, alendo, kapena mwana wa mlongo wobwera kudzakhala nanu? Onjezani matumba 2 kapena 3. Amenewo aikeni padera, ndipo muwaone ngati sali anu. Otsalawo ndiwo ogulitsa. Mukapeza kuti palibe cotsala, musadzinyenge; funani ndarama ku nsawawa, ku soya, ku mpendadzuwa kapena ku ndiwo za kudimba.

Ena adzati, “Mvula idzagwa, tidzakololanso.” Anthu ambiri ananena comweco mu 2023. Caka cimeneco dziko la Zambia linakolola cimanga coposa matani 3 miliyoni, ndipo bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la makilo 50 pa K280. Nyengo yotsatira mvula inaleka pakati, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Zokolola za caka cimeneco zinatsika kufika pa matani 1.5 miliyoni, ndiko kunena theka. Acikulire adzakuuzani za 1992, pamene anthu anadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja, ndipo agogo ena akali kukumbukira zimene anamva za njala ya 1949 kutsidya kwa malire, ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Cilala sicituma mthenga. Banja limene linasunga matumba oonjezera mu 2023 silinagulitse mbuzi zace ndi njinga pa mtengo wacabe mu 2024.

Koma kusunga kuli ndi nchito yace. Cimanga cosungidwa cisanaume bwino cimacita nkhungu, ndipo nkhungu ina iri ndi poizoni woononga ciwindi ca munthu ndi kudwalitsa ziweto. Njira yoyesera ndi yapafupi. Tengani botolo lagalasi louma, ikanimo maso a cimanga ndi mcere wouma, litsekeni, ligwedezeni kanthawi. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cimanga cikali ndi madzi; ciyanikeninso pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi. Mcere ukagwa pansi wosamamatira, cauma.

Mdani wina ndi nankafumbwe. Makolo athu ankasunga cimanga ca makolo m'nkhokwe ndi makoko ace, ndipo cinkafika nthawi ya zokolola zina, cifukwa maso ace ndi olimba. Cimanga ca makono cambiri ndi cofewa, ndiponso m'zaka za m'ma 1990 m'dziko muno munalowa nankafumbwe wamkulu, amene anayamba kuoneka ku Tanzania, wobooleza ngakhale mitengo ya nkhokwe. Cotero tonolani cimanga canu, cipeteni, muthiremo mankhwala monga mwa malangizo olembedwa pa botolo, osaonjeza, osacepetsa. Kapena gulani matumba osalowa mpweya, onga a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati. M'menemo simuthira mankhwala. Kacirombo kamafa kokha posowa mpweya. Mangani pulasitiki iri yonse payokha, ndipo samalani kuti khoswe kapena msomali usaboole. Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Inde, thumba lotere ndi lokwera mtengo kuposa saka wamba, koma likasamalidwa ligwira nchito zaka zingapo.

Tsopano za ndarama. Ndarama yokwiriridwa m'citini pansi pa kama siicuruka, ndipo ciswe ndi moto siziiopa. Ndiponso ndarama imafooka. Amene anasunga makwaca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene mitengo ya zinthu inkakwera koposa kawiri pa caka cimodzi, anapeza kuti mtolo wa ndarama wogula ng'ombe sugulanso mbuzi. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inacotsa maziro atatu, K1,000 yakale inasanduka K1, ndipo mu 2025 inatulutsanso ndarama zamapepala zatsopano. Nthawi zotere pamaikidwa tsiku lotsiriza losinthira, ndipo nkhalamba yobisa cuma cace osauza munthu ingatsale ndi mapepala acabe. Ndarama ya feteleza ndi mbeu iikeni ku banki kapena pa foni tsiku lomwe mwalandira, musanadutse pa sitolo ndi pa mowa. Nambala yacinsinsi ya pa foni musauze munthu ali yense, ngakhale wokuimbirani nati ndi wa ku ofesi. Kuposa apo, gulani feteleza mu Julaye kapena Ogasiti, ndarama ikalipo, mumuike pouma.

Amai ambiri apindula ndi cilimba ndi magulu osunga ndarama m'mudzi. Ubwino wace ndi wakuti maso a anzako amakuletsa kudya cimene unalonjeza kusunga. Lowani gulu la anthu amene muwadziwa, lokhala ndi buku lolembamo zonse, ndipo buku liwerengedwe pamaso pa onse. Koma kaloba thawani. Wobwereka K100 kuti adzabweze K150 mwezi ukatha, kapena thumba limodzi mu Febuluwale kuti adzabweze awiri mu Meyi, wagulitsa zokolola zace zikali m'munda. Ndi bwino kugulitsa nkhuku ziwiri. Cifukwa cace nkhuku ndi mbuzi musaziyese zopanda pace. Ndizo ndarama zoyenda ndi miyendo, ndipo katemera wa cideru ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi khola lonse lakufa sabata imodzi.

Pali funso limene mlimi wosamala amakumana nalo, ndipo sitingalizembe. Inu mwasunga, mnansi wanu sanasunge. Mu Febuluwale mkazi wace afika pakhomo panu ndi lichero. Mudzatani? Alipo amene amati munthu wosunga ndi womana, namuneneza kuti ali ndi mankhwala okokera cimanga ca anzace m'nkhokwe yace. Mau otere ndi oipa, ndipo alepheretsa alimi ambiri kutukuka, cifukwa munthu amaopa kuoneka kuti ali nazo. Aliponso ena, makamaka amene ayamba kupeza bwino, onena kuti wosauka ali yense ndi waulesi. Awanso alakwa. Mai wamasiye wolera adzukulu asanu, munthu amene anagona m'cipatala nthawi yobzala, mlimi amene munda wace unadyedwa ndi mbozi zija zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, amenewa sanasauke ndi ulesi.

Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Iwo anadziwa kuti amene wadya kwanu lero ndiye adzakumba manda a mbale wanu mawa. Koma zindikirani kuti wopatsa ndi amene ali nako kanthu. Matumba 2 kapena 3 aja tinati muonjeze, limodzi likhale la nchito imeneyi, ndipo mugwirizane m'nyumba kuti likatha latha, kuti ana anu asagone ndi njala cifukwa ca manyazi anu. Kwa wokalamba ndi wodwala perekani osayembekeza kanthu, ndipo tumani mwana akapereke madzulo, osati masana pamaso pa mudzi wonse. Kwa munthu wamphamvu amene wapempha ganyu, mpatseni ganyu, mumlipire mokwanira, koma musamgwire masiku onse a kupalira. Muloleni apite kumunda kwace. Mwambo wa dima, pamene mudzi unkasonkhana kulima munda wa mmodzi, ungathandize mai wamasiye koposa mbale ya ufa, pakuti umampatsa nkhokwe yaceyace.

Za cimanga ca cithandizo cocokera ku Boma kapena ku mipingo, tinene mosabisa. Kulandira pa nthawi ya cilala si camanyazi ai. Camanyazi ndi kulembetsa dzina pamene nkhokwe yanu iri yodzala, kapena mfumu kulemba abale ace ndi kusiya nkhalamba yokhala kumapeto kwa mudzi. Cithandizo cimafika mocedwa, cimafika cocepa, ndipo mseu ukaonongeka ndi mvula sicifika konse. Musaciwerengere pa matumba anu 18.

Ngati simudziwa kumene mungagule matumba osalowa mpweya kapena katemera wa nkhuku, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'kampu yanu, kapena mlembi wa kopaletivu yanu, ndipo funsani cimanga cikali pa mphasa.